Kilcolman ya ku Mayo: banja silikupezeka m'kaundula wa ubatizo, kodi ndi parishi iti kwenikweni?

Nangozo walemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa zofufuza makolo a ku Ireland. Amene tikumufufuzayo anabadwa cha m'ma 1850, anali Mkatolika, ndipo anawolokera ku Lancashire, ku England, cha m'ma 1870 akadali mnyamata. M'kalembera wa ku England wa 1881 ndi wa 1891, pofunsa kobadwira anangolembapo Ireland, basi. Pepala lokhalo lotchula kwawo ndi la usilikali la mng'ono wake, lomwe likuti parishi ya Kilcolman, county (chigawo chachikulu cha dziko) ya Mayo. Dzina la bambo awo tikulidziwa, lili pa chikalata cha ukwati, ndipo dzina la kwawo kwa mayi awo tikulidziwanso.

Pa webusaiti ya National Library of Ireland pali kaundula wa ubatizo wa parishi ya Kilcolman ku Mayo. Zaka zonse zozungulira 1850 ndaziwerenga tsamba ndi tsamba, koma banjali mulibemo, ngakhale mwana mmodzi. Kodi parishi yolembedwa pa pepala la usilikali ndi yomweyo ya tchalitchi? Ngati si yomweyo, kaundula woyenera ndimudziwa bwanji? Nanga mapu akale amene anthu amawatamandawa amathandiza chiyani munthu usakudziwa ngakhale mudzi?

Mbewe walemba:

A Nangozo, kaundula mwawerengayo sanakunamizeni. Chomwe ndikuganiza n'chakuti mwatsegula buku la dera lina.

Pa zikalata za ku Ireland za m'ma 1800, parishi si chinthu chimodzi. Pali civil parish, yomwe ndi gawo la boma. Magawo amenewa ndi akalekale, anachokera ku matchalitchi a m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, ndipo m'dziko lonse analipo pafupifupi 2,500. Boma linkawagwiritsa ntchito powerenga anthu, poyeza malo ndi pokhometsa msonkho. Palinso parishi ya Church of Ireland, mpingo wa Anglican womwe unali mpingo wa boma mpaka 1871. Iyi kawirikawiri inkatsata malire a civil parish, kungoti kumene Aprotestanti anali ochepa ankaphatikiza zingapo pansi pa mbusa mmodzi. Ndiye pali parishi ya Katolika, yomwe ndiyo imasocheretsa anthu. M'zaka za m'ma 1700, pa nthawi ya malamulo opondereza Akatolika, ansembe anali ochepa, moti wansembe mmodzi ankasamalira ma civil parish awiri, atatu, mwina anayi. Zinthu zitayamba kupepuka, maepiskopi anayamba kudula ndi kulumikiza maparishi potengera kuchuluka kwa akhristu ndi kumene kwamangidwa tchalitchi, osayang'ana n'komwe mapu a boma. Zili ngati kwathu: mudzi uli pansi pa T/A wakuti, koma Lamulungu anthu ake amakapemphera ku parishi yomwe yadumpha malire a ma T/A awiri, ndipo mabuku a ubatizo ali kumeneko, osati kwa mfumu.

Tsono ku Mayo ya nthawi imeneyo kunali ma civil parish awiri a dzina la Kilcolman. Yoyamba ili mu barony (gawo lakale la mkati mwa county) ya Clanmorris, tauni yake ndi Claremorris, ndipo kumbali ya mpingo ili pansi pa akidayosizi ya Tuam. Imeneyi ndiyo munthu amagwera akangolemba Kilcolman ndi Mayo. Yachiwiri ili kum'mawa, mu barony ya Costello, tauni yake ndi Ballaghaderreen, dayosizi yake ndi Achonry. Kaundula wake muzimufuna pansi pa dzina la Castlemore and Kilcolman, chifukwa parishi ya Katolika ya kumeneko inaphatikiza ma civil parish awiriwo. Pakati pa matauni awiriwa pali makilomita pafupifupi 40, mtunda woti palibe mayi akananyamula khanda kukabatiza.

Chinanso chimene chimabisa Kilcolman yachiwiriyi n'chakuti lero Ballaghaderreen sili ku Mayo. Lamulo la Local Government la 1898 linaisamutsira ku Roscommon. Munthu wobadwira kumeneko mu 1850 akati kwathu ndi ku Mayo akunena zoona, koma inu mukatsegula mapu a lero simungayang'aneko. Zikalata za 1898 isanafike muzizifuna pansi pa Mayo, pamene kalembera wa 1901 ndi wa 1911 ali pansi pa Roscommon. Mbali ina ya parishi yomweyi inalowereranso ku Sligo, mu barony ya Coolavin.

Musanapite patali, tengani pepala la usilikali lija muliwerengenso. Mafomu olembera asilikali a Britain ankafunsa zinthu zitatu pa mzere wobadwira: parishi, tauni imene ili pafupi, ndi county. Ambiri amakopera parishi ndi county n'kusiya tauni, chonsecho ndi tauniyo imene ingathetse nkhaniyi pompano.

Mukadziwa Kilcolman yake, chotsatira ndi townland. Ili ndi gawo laling'ono kwambiri la malo ku Ireland, alipo oposa 60,000, ambiri a maekala mazana ochepa, ndipo ndilo linali keyala ya munthu wa kumudzi. Magawo ena onse, barony, civil parish, Poor Law Union (dera losamalira amphawi), amangokhala mitolo ya ma townland yomangidwa mosiyanasiyana. N'chifukwa chake ndimati musasake dzina la munthu poyamba, sakani townland, kenako muifunse kuti chaka chakuti inali mu mtolo uti wa ofesi iti. Buku lothandiza apa ndi General Alphabetical Index to the Townlands and Towns, Parishes and Baronies of Ireland, lotengera kalembera wa 1851 ndipo linasindikizidwa mu 1861. Townland iliyonse ili pa mzere umodzi: nambala ya pepala la mapu, kukula kwake, county, barony, civil parish ndi Union. Pa townlands.ie mukhoza kuchita mobwerera, kutsegula parishi n'kuona ma townland ake onse pa mapu.

Kuchoka ku civil parish kupita ku parishi ya Katolika, mlatho wake ndi Topographical Dictionary of Ireland ya Samuel Lewis, ya 1837, yomwe ili ulere pa intaneti. Pa civil parish iliyonse, cha kumapeto kwa ndime, Lewis amanena kuti kumbali ya R. C., kutanthauza Akatolika, parishiyi ili mu gawo lakuti ndipo matchalitchi ali pakuti ndi pakuti. Chenjerani ndi chaka: akukuuzani mmene zinalili mu 1837. Parishi yodulidwa mu 1860 sangaitchule, ndipo ubatizo wa 1850 wa dera lodulidwalo udzakhala m'buku la parishi yaikulu yomwe linachokako. Mapu a maparishi omwe ali pa webusaiti ya National Library ndi abwino poona maparishi oyandikana, koma mizere yake ndi yongoyerekeza. Boma silinayezepo malire a maparishi a Katolika, ndipo pa mapu ake onse simudzawapeza.

Gama walemba:

Zimene anena a Mbewe n'zoona. Ine nditengepo funso la mapu. Mapu paokha sakuthandizani chifukwa alibe mayina a anthu. Phindu lake limaoneka mukawaika pambali pa Griffith's Valuation.

Uyu ndi kaundula wa malo ndi nyumba za m'dziko lonse, wosindikizidwa pakati pa 1847 ndi 1864 motsogozedwa ndi Richard Griffith, cholinga chake kudziwa msonkho woti aliyense apereke wothandizira amphawi. Aliyense amathamangira kumeneku chifukwa kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851 anapsa pa 30 June 1922 ku Public Record Office, ku Four Courts mu Dublin, kupatula zidutswa zochepa, ndipo wa 1861 mpaka 1891 boma linawononga lokha. Ku Mayo oyeza anafikako cha pakati pa zaka za m'ma 1850, munthu wanuyo ali kamwana. Dzina loyang'ana ndi la bambo ake, kapena la agogo ake ngati ndiwo anali pa lendi. Masamba onse ali ulere pa askaboutireland.ie.

Lembani dzina la banja, county Mayo, parishi Kilcolman. Zotsatira zidzasakaniza ma Kilcolman onse awiri, ndiye muziyang'ana barony pa chilichonse. Lembani pambali ma townland amene muli dzina la bambo. Kenako chitani chimodzimodzi ndi dzina la kwawo kwa mayi. Anthu ankakwatirana pa mtunda woyenda pansi, choncho pamene mayina awiriwa akumana mu townland imodzi kapena m'ma townland ogundana, ikanipo chizindikiro. Webusaiti ya John Grenham, katswiri wofufuza makolo a ku Ireland, ili ndi njira yosakira mayina awiri pamodzi m'maparishi. Ngati mayina onse awiri ndi ofala kuderalo njirayi sidula mlandu, imangochepetsa malo.

Kawerengedwe ka mzere wa Griffith's ndi komwe ambiri amalakwitsa. Kumanzere kuli nambala, yomwe ndi nambala ya munda pa mapu. Chilembo chachikulu, A kapena B, chikutanthauza kuti munthu mmodzi ali ndi zidutswa za malo zosagundana. Chilembo chaching'ono, a, b, c, ndi nyumba zomwe zili pa mundawo: a kawirikawiri ndi ya mwini lendi, zinazo ndi za aganyu kapena abale okhala pa malo ake. Kenako dzina la wokhalapo, kenako la amene amalandira lendi mwachindunji. Ameneyu si nthawi zonse mwini malo weniweni, akhoza kukhala mlimi mnzake wobwereketsa kachidutswa. Kudera la Ballaghaderreen dzina limene mudzatope nalo pa mzerewu ndi la Viscount Dillon. Pofotokoza malo akalemba kuti offices akunena khola, nkhokwe ndi tinyumba tina takuseri. Kukula kwa malo kuli m'maekala, ma rood ndi ma perch: ma rood 4 ndi ekala imodzi, ma perch 40 ndi rood imodzi. Ndalama zakumapeto, m'mapaundi, mashiling'i ndi mapeni, si lendi, ndi mtengo wa pachaka woyerekeza powerengera msonkho. Nyumba ya mashiling'i 5 kapena 10 dziwani kuti ndi kanyumba kofolera udzu ka chipinda chimodzi kapena ziwiri.

Ku Mayo mudzaona kwambiri mayina angapo atamangidwa pamodzi ndi mzere wokhota pa nambala imodzi. Amenewo ankalima malo ogawana, aliyense timizere take apa ndi apo, nyumba zitaunjikana pamodzi. Maekala olembedwapo ndi a gulu lonse, musawapatse munthu mmodzi. Ndipo mu townland mukakhala anthu awiri a dzina limodzi, oyeza ankawonjezera dzina lina pambali, nthawi zambiri la bambo wa munthuyo. Kadzina kameneko ndi m'badwo wina wathunthu womwe mwapatsidwa ulere.

Tsopano mapu. Ordnance Survey, ofesi ya boma yojambula mapu, inayamba kuyeza Ireland mu 1824 motsogozedwa ndi Thomas Colby, ndipo mapu anatuluka county ndi county kuyambira 1833 mpaka 1846, kuyambira ku Derry kuthera ku Kerry. Muyeso wake ndi mainchesi 6 pa mailo imodzi, kapena kuti 1:10,560, ndiye sentimita imodzi ndi mamita pafupifupi 105. Nyumba iliyonse ikuoneka ngati kadontho kamakona anayi. County iliyonse ili ndi manambala akeake a mapepala, pepala 10 la Mayo si pepala 10 la Roscommon. Pa webusaiti ya mapu ya GeoHive mukhoza kuyala mapu akalewa pamwamba pa chithunzi cha lero cha mumlengalenga n'kumachepetsa mphamvu ya chimodzi kuti chinzake chioneke. Makhoma a miyala ambiri akadali pomwe anali, ndiye yambani ndi iwo, ndi mitsinje, osati misewu.

Zolembedwa pa mapu muziwerenge mosamala. Pamene palembedwa Church pokha ndi tchalitchi cha Church of Ireland. Cha Katolika chimalembedwa R. C. Chapel, cha Apresbateriya Meeting House. Dzina la zilembo zikuluzikulu loyala pa dera lonse ndi la civil parish. Mukapeza townland yanu, yezani mtunda wopita ku R. C. Chapel iliyonse yozungulira, potsata njira, osati mowongoka. Kuderali kuli madambo aakulu amene amakumbamo dothi lakuda losonkhera moto, ndipo tchalitchi chooneka pafupi pa pepala chikhoza kukhala tsidya la dambo losawolokeka.

Kumbukirani kuti mapu a Mayo ndi a kumapeto kwa m'ma 1830, njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852 isanagwe. Dziko lonse la Ireland linali ndi anthu pafupifupi 8.2 miliyoni mu 1841, ndipo mu 1851 anatsala pafupifupi 6.5 miliyoni. Mudzapeza mudzi wa nyumba zambiri pa mapu, pamene Griffith's ikutchula zochepa pamalo omwewo. Palibe amene analakwitsa, zinazo zinali zitagwa kapena kugwetsedwa.

Nangozo walemba:

Zikomo kwambiri a Mbewe ndi a Gama. Pa mzere wa tauni palembedwadi Ballaghadereen, ndiye ndi Kilcolman ya ku Costello. Vuto tsopano ndi lakuti mu Griffith's dzina la banjali lili m'ma townland angapo a parishiyo, ndipo amuna a dzina lofanana ndi la bambo uja alipo oposa mmodzi. Kalata ina yakale ya m'banjamo imatchula malo oyamba ndi Cloon, koma zilembo zotsatira zinafufutika. Ndisankhe bwanji?

Nachisale walemba:

Achemwali, musasankhe, mudzatola banja la eni. Pezani pepala limodzi limene lili ndi mayina a makolo onse awiri pamodzi ndi townland. Mapepala oterowo alipo mitundu iwiri.

Woyamba ndi kaundula wa boma. Kulembetsa ana obadwa, imfa ndi maukwati onse kunayamba pa 1 January 1864, kupatula maukwati a omwe sanali Akatolika amene anayamba mu 1845. Munthu wanu wa 1850 mulibemo, koma mabanja a nthawi imeneyo ankabereka kwa zaka 15 kapena 20, ndiye mzime akhoza kukhala wa 1864 kapena 1866. Chikalata cha kubadwa chimatchula townland, ntchito ya bambo ndi dzina la kwawo kwa mayi. Pa irishgenealogy.ie zithunzi za masamba ndi zaulere: za kubadwa zopitirira zaka 100, za maukwati zopitirira zaka 75, za imfa zopitirira zaka 50. Ngati palibe mwana wobadwa 1864 itadutsa, sakani maukwati a alongo ndi abale amene anatsala kumudzi, chifukwa amatchula dzina la bambo ndi kokhala. Sakaninso imfa za makolowo, muone amene anakanena za imfayo ndi kumene ankakhala.

Apa malire asinthanso. Kaundula wa boma sadziwa parishi, amatsata Poor Law Union. Ma Union anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1838, poyamba 130, kenako 163 pofika kumayambiriro kwa m'ma 1850, ndipo anawajambula mozungulira tauni ya msika yokhala ndi nyumba yosungiramo amphawi, osasamala za county kapena parishi. Ballaghaderreen ili pansi pa Union ya Castlereagh, yomwe likulu lake lili ku Roscommon. Mukasaka m'madera a Mayo okha monga Claremorris kapena Castlebar, mwalemba m'madzi. Ma townland a m'mphepete mwa parishi muziona mzere wa iliyonse m'buku la 1851 limene atchula a Mbewe, chifukwa ma Union a Swineford ndi Boyle ali pafupi pomwepo. Tsiku lobadwa musalikhulupirire kwambiri. Kulembetsa mochedwa kunali ndi chindapusa, ndiye makolo ankasunthira tsiku kutsogolo, mpaka mwana kumaoneka kuti anabatizidwa asanabadwe.

Wachiwiri ndi mafomu a penshoni ya okalamba. Lamulo la 1908 linapereka penshoni kwa a zaka 70, koma okalambawo analibe zikalata za kubadwa, ndiye boma linkakawasaka m'kalembera wa 1841 ndi 1851, yemwe pa nthawiyo anali asanapse. Wopemphayo ankatchula mayina a makolo ake onse awiri ndi townland imene banja linkakhala chaka cha kalemberayo. Mafomuwa anapulumuka ndipo ali pa webusaiti ya National Archives of Ireland. M'bale wobadwa cha m'ma 1845 amene anakalambira kumudzi ndiye woyembekezera kumupeza. Penshoni yomweyi ndi imene imachititsa kuti munthu wa zaka 55 mu 1901 akhale ndi zaka 72 mu 1911, musamutaye chifukwa cha zimenezo.

Za Cloon ija, pakokha siikuthandizani, chifukwa ku Mayo ndi ku Roscommon ma townland oyamba choncho ndi ochuluka zedi. Chitani izi: tsegulani mndandanda wa ma townland a Kilcolman ndi a Castlemore, mulembe onse oyamba ndi Cloon, Clon kapena Cloun, muwayerekeze ndi aja mwapeza mu Griffith's. Likapanda kupezeka, n'kutheka kuti ndi dzina la kachigawo kamene anthu ankakatchula okha koma boma silinakalandire. Pamene ankakhazikitsa malire a ma townland kuyambira 1825, ena anawaphatikiza, ena anawagawa n'kuwonjezera North, South, Upper, Lower, More kapena Beg. Mayina otayidwawo amatulukira mu Tithe Applotment Books, mabuku a chakhumi cha Church of Ireland a 1823 mpaka 1837, omwe ali m'dongosolo la civil parish, komanso pa logainm.ie, pomwe amasonyeza kalembedwe kakale ka dzina lililonse. Mukamayerekeza minda, dziwani kuti mabuku a chakhumi ambiri ali m'maekala a Chiairishi, ndipo imodzi ndi maekala 1.62 a mu Griffith's. Munda wa maekala 5 ukasanduka 8 sunakule.

Tembo walemba:

Ndiwonjezere pa za kaundula wa tchalitchi, chifukwa a Nangozo abwererako ndipo akhoza kukhumudwanso kachiwiri.

Mabuku a Katolika sanapse mu 1922. Sanali zikalata za boma, ndiye anali m'nyumba za ansembe. Amene anapsa ndi a Church of Ireland, a maparishi pafupifupi 1,000. Vuto la a Katolika ndi lina: kumadzulo anayamba mochedwa. Ku tauni ya Wexford alipo a 1671, koma maparishi ambiri a ku Mayo amayambira pakati pa 1830 ndi 1860, ndipo buku la maukwati likhoza kuyamba zaka zambiri la ubatizo lisanayambe, kapena mosemphanitsa. Musanawerenge tsamba lililonse la Castlemore and Kilcolman, onani pamwamba pomwe alemba zaka za buku lililonse, muone ngati chaka chanu chilimo ndiponso ngati palibe zaka zodumphidwa. Chikapanda kukhalamo, tsatirani ang'ono ake amene anabadwa buku litayamba. Zithunzi za National Library zinaikidwa pa intaneti mu 2015 ndipo zimathera cha m'ma 1880, zopitirira apo zili ku parishi.

Ukwati unkachitikira ku parishi ya mkazi, ndipo si zachilendo mwana woyamba kubatizidwira kwawo kwa mayi. Ndiye ukwati wa makolowo ukasowa, zungulirani maparishi onse ogundana nayo, kuphatikizapo a tsidya la malire a Sligo ndi Roscommon, ngakhale a dayosizi ina.

Mindandanda yosakira ya pa mawebusaiti a Ancestry ndi Findmypast inapangidwa kuchokera pa mafilimu akale osaoneka bwino, ndipo zolakwika ndi zambiri. Ikati palibe, sizikutanthauza kuti m'bukumo mulibe. Werengani ndi maso. Ansembe ambiri ankalemba mayina oyamba m'Chilatini: Jacobus ndi James, Gulielmus ndi William, Joannes ndi John, Dionysius ndi Denis, Eugenius akhoza kukhala Owen, Honoria ndi Nora. O' ndi Mc pa dzina la banja amabwera n'kuchoka, nthawi zina pa tsamba limodzi. Makolo a ubatizo muziwalemba onse, chifukwa kawirikawiri ndi abale kapena oyandikana nawo nyumba. Mukawapeza mu Griffith's mu townland imodzi mwa zija mukukayikira, ndiye kuti mwayandikira, ngakhale wansembe sanalembe kokhala. Onaninso m'mphepete mwa tsamba: kuyambira 1908, lamulo la mpingo la Ne Temere linkafuna kuti ukwati ulembedwe pambali pa ubatizo wa munthuyo, ndiye nthawi zina pamapezeka dzina la tchalitchi cha ku England kapena ku America.

A Gama, pa manambala a minda ndisiyane nanu pang'ono. Mapu okhala ndi manambala amene ali pa askaboutireland.ie ambiri si a chaka chimene bukulo linasindikizidwa, ndi a pambuyo pake, ofesi itakonzanso manambala. Munda nambala 7 m'buku ukhoza kusakhala nambala 7 pa mapuwo. Yerekezani kukula kwake ndi mayina a minda yogundana nawo musanauze abale kuti nyumba inali apa. Kuderali vutoli ndi lalikulu chifukwa mu 1899 Congested Districts Board, bungwe la boma lothandiza madera osauka, inagula malo a Dillon, maekala oposa 90,000, n'kuyamba kugawanso minda ndi kumwaza nyumba zomwe zinali zounjikana. Mapu a mainchesi 25 pa mailo, a pakati pa 1888 ndi 1913, akhoza kukuonetsani mizere yowongoka pamalo pomwe mu 1850 panali timinda tosakanikirana.

Chokonza zimenezi ndi mabuku amene Valuation Office, ofesi yowerengera mtengo wa malo ku Dublin, yomwe tsopano ili pansi pa bungwe la boma la Tailte Éireann, inkalembamo kusintha kulikonse kuchokera pa Griffith's. Wokhalapo akafa kapena akachoka, ankadula dzina lake n'kulemba la wolowa m'malo, ndi inki ya mtundu wina, chaka chili m'mphepete mwa inki yomweyo. Buku likadzaza ankakopera latsopano. Chaka cholembedwacho chimachedwa ndi chaka chimodzi kapena zingapo poyerekeza ndi imfa yeniyeniyo, ndiye imfa muziisaka mobwerera m'mbuyo. Mabukuwa ali m'dongosolo la District Electoral Division (DED), timagawo ta chisankho, osati parishi, ndipo DED ya townland yanu mudzaipeza m'kalembera wa 1901 kapena m'buku la ma townland la chaka chomwecho. Popempha makope nenani county, DED ndi townland, ndipo pemphani amitundu, chifukwa kope lakuda ndi loyera limapha kusiyana kwa inki ndipo simudzadziwa kuti chaka chiti ndi cha dzina liti.